Ndege ya a Hamada ndi Tenti Imene Ndakana

Garneton, Kitwe
Lachinayi masana

Tadala mwana wanga,

Uli m'tauni ndi mayi ako kukagula sutikesi, ndipo ndikudziwa kuti njira yonse mwakhala mukundidya miseche, ati nkhalamba youma mtima yamana mwana wake phwando lotsanzikana. Azakhali ako a ku Ndeke aimba foni kale kawiri. Akuti tenti anali ataipeza, amayi a chigwirizano anali atakonza nyimbo, ndiye ine ndawachititsa manyazi. Ndawauza kuti manyaziwo awasunge bwino, adzawafuna tsiku lina. Iweyo chiyambire Lamlungu sunandiyankhule bwinobwino, tiyi umangondiikira patebulo n'kutembenuka. Ndiye ndatulutsa mpando, ndakhala pansi pa mtengo wa kotapela kuti ndilembe, chifukwa pakamwa ine ndimayamba bwino koma ndimamaliza ndi kukalipa.

Mawa ukwera ndege ku Ndola kupita kunja kukaphunzira kuyendetsa ndege. Ndakondwa, usakayike. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma mawu amene ndikufuna unyamule ndi awa: ukalephera, ubwere kunyumba. Zikakuvuta, ubwere. Ukangotopa nazo, ubwere. Ndikudziwa kuti makolo anzanga sanena zotere, iwo amati ukalimbikire. Kulimbikira sindingakuphunzitse, unabadwa nako. Unali ndi zaka five pamene unakana kutsika mumtengo wa mango mpaka dzuwa kulowa, chifukwa anzako anati sungafike pamwamba ndipo utafika unaopa kunena kuti kutsika kwakukanika. Ndiwe wouma mutu ngati ine, ndipo chimenecho n'chimene chikundiopsa.

Dzina la a Hamada walimva kambirimbiri pakhomo pano, koma nkhani yawo ndinkakuuzani mokhota. Lero ndiiwongole. Anali Mjapani amene anabwera ku galaja ya malole akuluakulu ku Ndola komwe ndinkagwira ntchito, nthawi imene ndinali nditangokwatira mayi ako. Kampani itagula malole a kwawo, anawatumiza kudzatiphunzitsa injini zake. Anali munthu wamfupi, wa imvi, wosayankhulayankhula. Anyamata a Chibemba ankawatchula kuti Shikulu, ndiye kuti agogo. Chizungu chawo chinali chothyokathyoka, changanso chimodzimodzi, ndiye tinkamvana bwino kwambiri. Ankakonda kuwedza. Loweruka ndinkawayendetsa pa kagalimoto ka kampani kubwera ku mtsinje wa Kafue, kumunsi kwa kuno, kale kusanadzaze mapoloti.

Tsiku lina tikuwedza, kandege kakang'ono kanadutsa pamwamba pathu. A Hamada anasiya mbedza, napendeka mutu kumvetsera mpaka phokoso litazimirira. Ndinawafunsa ngati amakonda ndege. Anati pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija anali woyendetsa ndege za asilikali a kwawo. Ine ndi kamwa langa lalikululi ndinalumpha n'kufunsa kuti, "Munagwetsa zingati?" ngati ndikufunsa zigoli za mpira. Anakulunga chingwe chawo, nati tizipita, nsomba zathawa. Kumene ukupitako ukakumana ndi anthu a mitundu yonse, Tadala, ndipo ena adzakhala atasenza zinthu zimene sudziwa. Usamafulumire kufunsa kuti umve chokoma m'khutu mwako.

Anadzandiuza okha, pang'onopang'ono, Loweruka ili pang'ono, linzake pang'ono. Anabadwira m'kamudzi ka alimi a mpunga pakati pa mapiri. Bambo awo anamwalira iwo ali aang'ono, anatsala ndi mayi ndi mlongo mmodzi. Ankati sanapite ku usilikali chifukwa chodana ndi munthu. Ankangofuna kuuluka, basi, ngati iweyo. Ali mnyamata anaona ndege ikudutsa pamwamba pa sukulu yawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo khasu linayamba kuwalemera. Nthawi imeneyo mwana wa mlimi analibe njira ina yofikira m'mwamba koma kudzera kwa asilikali.

Tsiku lonyamuka mudzi wonse unawaperekeza ku siteshoni ya sitima. Ana a sukulu anaimba, aliyense ndi kambendera m'manja. Anawapatsa mbendera yaikulu yolembedwa maina a anthu onse a m'mudzimo. Kwawoko kunali mwambo wakuti mayi wa msilikali amatenga kansalu koyera, n'kuima pamsewu kupempha mkazi aliyense wodutsa kuti asokepo kamfundo kamodzi ka ulusi wofiira, mpaka timfundo tikwane chikwi. Ankati kansaluko kamateteza mwana. Mayi awo anaima pa siteshoni ija masiku ambiri, m'nyengo yozizira, kupempha anthu osawadziwa. Pa tsikulo anawamanga kansaluko pamimba. Koma pakamwa pawo panatuluka mawu amene mayi aliyense ankayenera kunena pagulu: "Ukatumikire bwino. Za kuno usaziganize." Kulira kunali kochititsa manyazi, ndiye sanalire.

Maphunziro anali ankhanza, kumenyedwa ndi chibonga pa kalikonse. Koma akayamba kukamba za tsiku limene anauluka okha koyamba, nkhope ya mdala uja inkasanduka ya mwana. Kandege kake kanali ka matabwa ndi nsalu, kopakidwa utoto wonga wa lalanje, mutu uli pamtunda mphepo ikuwomba. Anati anaona minda ya mpunga pansi itayalidwa ngati mphasa, ndipo anayamba kuimba mokuwa poti panalibe wowamenya. Mphunzitsi wawo woyamba, munthu amene anali atamenyapo nkhondo, anawauza kuti ukangonyamuka uzicheuka kuti uone mmene bwalo la ndege likuonekera kuchokera m'mwamba, chifukwa udzalifuna pobwerera. Mphunzitsi ameneyo anaitanidwanso kunkhondo, ndipo sanabwerere. Amene anabwera pambuyo pake za kucheuka sankazinena.

Pamene ankamaliza maphunziro, nkhondo inali itawatembenukira. Oyendetsa ndege odziwa anali atatha. Petulo anali wosowa moti anthu kumidzi ankakumba mizu ya mitengo ya paini kuti afinyemo mafuta. Ndege zikuluzikulu za adani zinkabwera m'mwamba kwambiri komwe zawo zinkafikako movutikira, n'kumatentha mizinda, ndipo nyumba za kwawoko zinali za matabwa. Mlongo wawo, amene ankagwira ntchito mu fakitale mumzinda, anapulumuka ndi zovala za m'thupi zokha. Ndikukuuza zimenezi kuti usaganize kuti anyamata aja anali amisala. Anali ana a anthu, amsinkhu wako ndi ocheperapo, akuona kwawo kukupsa.

Ndiye mkulu wawo anawaimika pamzere. Anati pali ntchito yatsopano: ndege imangiriridwa bomba, woyendetsa akaigwetsera pa sitima yapamadzi ya adani, iye ali momwemo. Kubwerera kulibe. Anati sakukakamiza munthu, wofuna asunthe phazi kutsogolo. Onse anasuntha. Ndinawafunsa a Hamada kuti mtima unati chiyani. Anati mtima sunanene kanthu, iwo ankayang'ana nsapato ya mnzawo wa kumanja, itasuntha yawonso inasuntha. Zaka zambiri pambuyo pake anadzaganiza kuti mwina mnzawoyonso ankayang'ana nsapato yawo. Ndipo anati m'mutu mwawo munali mbendera ija ya maina. Anthu onse aja anaimba, anasoka, anawaperekeza, ndiye akanakhala bwanji mmodzi yekha wotsalira pamzere? Tadala, kumeneko ukaona anzako onse akusuntha phazi, uyambe wafunsa kuti tikupita kuti.

M'mawa wa ulendowo anawapatsa kakapu ka mowa wa kwawo. Amakanika anali ataipukuta ndege yawo, ngakhale inali nkhalamba yotha ntchito, ndipo anawerama osatha kuwayang'ana kumaso. Atsikana a sukulu anaima m'mbali mwa bwalo akugwedeza nthambi za maluwa. Ananyamuka kagulu, kulowera kumwera pamwamba pa nyanja. Ali pakati injini inayamba kutsokomola, oilo wakuda n'kuwazikira pa galasi lakutsogolo. Ndege inayamba kutsalira. Mtsogoleri wa kaguluko anayandikira, n'kuwalozera ndi dzanja kuti atembenuke. Mnzawo amene ankagona naye bedi loyandikana anakweza dzanja, kenako onse anachepa m'maso mpaka kusowa. A Hamada anagwera m'madzi pafupi ndi kachilumba, asodzi n'kuwavuula.

Anakhala pa kachilumbako masabata angapo kusowa bwato. Pamene ankafika kwa akuluakulu awo, uthenga unali utapita kale kumudzi kuti mwana wanu wafa imfa yaulemu. Mkulu amene anawalandira sanawafunse ngati avulala. Anangoti, "Anzako afa. Iwe wabwera kudzatani?" Anawatsekera m'nyumba ina pamodzi ndi ena amene anabwerera ngati iwo, osaloledwa kulemba kalata, kuti anthu asadziwe kuti alipo obwerera. M'mawa uliwonse ankauzidwa kuti ndi amantha, okonda moyo. Akudikira kuti awapatse ndege ina, nkhondo inatha.

Apa ndi pamene nkhani imandipweteka, ndipo apa ndi pamene ndinkaidumpha ndikamakuuzani. Anakwera sitima kupita kwawo. Anatsikira siteshoni ya patsogolo pake kuti asaonedwe, n'kuyenda wapansi kudzera m'phiri. Atafika kuseri kwa nsungwi za pafupi ndi nyumba yawo, anaona thabwa litakhomedwa pakhomo, lolembedwa kuti pano ndi pa nyumba ya ngwazi. Anaona mayi awo akuyanika ndiwo padzuwa, atachepa thupi, munthu wodutsa n'kuwaweramira mwaulemu. A Hamada anati anaganiza kuti mayi wamasiye uja watsala ndi chinthu chimodzi chokha, ulemu umenewo, ndipo iwo akatulukira awalanda. Anthu adzati mwana wa uje anathawa, anzake anafa. Anabwerera m'phiri osagogoda. Anapita mumzinda, napeza ntchito m'galaja, nati ndidzapita ndikakhala ndi kanthu m'manja. Chaka chinatha, china chinatha, kanthu kaja sikankakwana.

Pamene anadzalimba mtima n'kupita, anapeza mayi awo ataikidwa m'manda nyengo yozizira yapitayo. Mlongo wawo ndi amene anawauza zotsala. Thabwa lija mayi analizula okha patangopita miyezi yochepa, n'kulisonkhezera pamoto. Anamva kuti ena amene ankati anafa akutulukira, ndiye sitima ikamabwera ankasiya chilichonse kupita ku siteshoni, kukayang'ana otsika mmodzimmodzi. Anachita zimenezo mpaka miyendo itakana. A Hamada anandiuza izi atayang'ana madzi a Kafue, osandiyang'ana ine. Anati, "Banda, pondimanga kansalu paja khutu langa linali pafupi ndi pakamwa pawo. Akanangonong'ona kuti ubwere, ndikanagogoda."

Tsopano umve uchitsiru wa bambo ako. Nkhani yonseyi ndinaimva ndi makutu angawa, koma chimene ndinatolamo ndi chakuti Ajapani ndi amuna. Ndinkaikamba m'mabala a ku Ndola, ndikumenya tebulo, kuti anthu aja akati tipita, apita, sacheuka. Za thabwa ndi siteshoni ndinkazisiya, sizinkakoma ndi mowa. Nthawi ya a Hamada itatha, tinawachitira kaphwando m'galaja, ndipo anzanga anandisankha kuti ndiyankhule poti ndinali mnzawo wowedza naye. Ndinaimirira n'kunena kuti pakati pathu pali ngwazi imene inali yokonzeka kufera dziko lake, tonse titengere chitsanzo. Anthu anaomba m'manja. A Hamada sanaombe. Potuluka anandigwira pamkono, nati chapansipansi, "Ndinkayesa ndikuuza munthu, kani ndinkauza nsomba." Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Anapita kwawo, anatumiza kakhadi kamodzi pa Khirisimasi, kenako zii. Pano anamwalira kalekale, sindikayika, ndipo sindinawapepese.

Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma kwa ine anagonera mpaka kuwola. Unali mu giredi yoyamba pamene mchimwene wako Kondwani anapeza malo okaphunzira udokotala kunja. Tinkakhala ku Ndeke nthawi imeneyo. Mwina ukukumbukira zakumwa ndi diresi lako latsopano basi. Tenti inatseka msewu wonse. Amayi a chigwirizano anamugulira bulangete, a kwaya anamupekera nyimbo, khomo lililonse la mumzere wathu linabweretsa kenakake. Mwana asanagwire ndi jakisoni yemwe, onse ankamuitana kuti Dokotala, ndipo woyambitsa ndinali ine. Atandipatsa chimkuzamawu ndinatupa. Ndinati, "Kondwani, waona anthu awa? Pakhomo panga usadzaponde wopanda pepala. Ajapani akapita sabwerera chimanjamanja." Nthungululu zinalira. Kondwani anamwetulira, maso ali pansi. Anthu atabalalika, tikusonkhanitsa mipando, mayi ako anati, "Bambo a Kondwani, mwamutsekera chitseko mwana." Ndinawayankha kuti mwana wamwamuna saleredwa ndi misozi.

M'chaka chake chachitatu anaimba foni masana, ine ndili pa msika wa ku Ndeke kusewera nsolo ndi madala anzanga. Nditaona nambala yakunja ndinakweza mawu a foni kuti onse amve, n'kunena kuti khalani chete, Dokotala akuimba. Mawu amene anatuluka anali aang'ono, ngati a mwana amene wangodzuka. Anati, "Adadi, mayeso andikanika kachiwiri. Kuno sindikugona, sindikudya bwino. Ndimafuna ndibwere kaye." Ndinatsitsa mawu msangamsanga n'kuthamangira kuseri kwa kantini. Sindinamufunse ngati akudwala. Sindinamufunse ngati ali ndi jekete. Ndinati, "Ndiye anthu ndiwauza chiyani? Tenti ija unaiona?" Kenako anati, "Chabwino adadi, ndamva." Ndinabwerera pa nsolo n'kuwauza anzanga kuti netiweki yavuta.

Zotsatira zake ukuzidziwa. Mafoni anayamba kufupika, kenako kutalikirana, kenako nambala inasiya kugwira. Tinalembera kusukulu, anati anachoka kalekale. Ine kutchalitchi akandifunsa ndinkati akupitiriza, akuwonjezera maphunziro, madokotala aakulu sabwera msanga. Tinasamukira kuno ku Garneton nditapuma ntchito, ndinkati ndikufuna kuweta nkhuku, koma zoona zake ndinkathawa mafunso. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mulungu ananditumizira munthu kuchokera kutsidya la dziko kudzandichenjeza, anakhala nane m'mbali mwa mtsinje chaka chathunthu, ndipo ine ndinatenga mawu ake omwewo n'kukhomera chitseko cha mwana wanga. Ndikagona ndimamva "ndamva" uja. Zimandiwawa, Tadala, zimandiwawa tsiku lililonse.

N'chifukwa chake tenti ndakana. Si kuuma mtima, ndipo si kuti sindikunyada nawe. Ndikunyada moti chifuwa chikuchita kupweteka. Koma nyimbo iliyonse imene angakuimbire, bulangete lililonse, nthungululu iliyonse, udzazisenza kumeneko, ndipo tsiku limene zidzakuvute zidzaima pakhomo n'kukufunsa kuti ubwerera bwanji. Ndikufuna uchoke ngati munthu wopita ku Chisokone kukagula tomato, amene akapeza msika watsekedwa amangotembenuka n'kubwera. Ndawauza azakhali ako kuti ndikangomva akukutchula Kaputeni, pakhomo pano asadzapondenso. Akwiya, koma adzasiya. Phwando lidzakhalapo, usadandaule. Tidzalichita tsiku limene udzabwere, kaya ndi pepala kaya wopanda, ndipo mbuzi yake ndi iyi ikundidyera masamba a mbatata panopa.

Ndamva kuti kusukulu za ndege amayesa munthu pafupipafupi, ndipo ena amawabweza. Ngati dzina lako lidzakhala pakati pa obwezedwawo, usakabisale mumzinda wa eni n'kumatsuka mbale kuti upeze kaye kanthu kobwera nako. Kanthu kameneko sikakwana. Uimbe foni tsiku lomwelo. Nkhani yoipa uzinena ikadali yaing'ono. Usamatitumizire zithunzi zomwetulira utavala yunifolomu pamene m'mimba muli moto, mchimwene wako anatitumizira zambiri atavala chovala choyera cha madokotala ndipo ine ndinkazionetsa msika wonse. Ukaimba ndipo ine n'kuyamba kukalipa, poti khalidwe silifa msanga, undidule n'kuimbira mayi ako. Iwo sanalakwitsepo pa nkhani imeneyi. Ndipo ndikakufunsa kuti anthu ndiwauza chiyani, undiuze kuti adadi, mwayambanso.

Ngakhale m'mwambamo, ukaona mitambo yada kutsogolo kapena injini ikulira mwachilendo, utembenuke. Anzako akuseke, mphunzitsi akulembe chimene akufuna. Ine za ndege sindidziwa, ndinathera moyo wanga pansi pa malole, koma ndikudziwa kuti munthu amene anatembenuka tsiku lija anadzakhala ndi ana awiri, anaphunzitsa amakanika m'maiko atatu, anadya nsomba za mu Kafue. Sanali wamantha. Cholakwa chake chinali chimodzi chokha, kuima kuseri kwa nsungwi. Ukadzafika pa geti ili, kaya ndi nthawi yanji, kaya wabwera bwanji, usaime kunja kuganizira chonena. Ulowe.

Dzulo pamene ndinati ndikukagula chakudya cha nkhuku, ndinapita ku Ndeke. Ndinawapeza madala aja pa nsolo, otsalawo, poti awiri anatisiya. Ndinakhala pansi n'kunena kuti amuna anzanga, mwana wanga Kondwani si dokotala, sukulu inamukanika, anapempha kubwera ndipo ine ndinamukaniza, zonse ndinkakuuzani zija zinali zabodza. Ndinkayembekeza kuti nthaka ing'ambika. A Mulenga sanadzutse ndi mutu womwe. Anati, "Tinamva tsiku lomwe lija, mnzanga, foni inali yokweza. Sewera, ndi nthawi yako." Anthu amene ndinkawaopa zaka zonsezi ndi amenewo. Ndinasewera, ndinadyedwa, ndinakwera minibasi n'kulira mpaka pa Garneton, kondakitala akundiyang'ana.

Chomaliza, ndipo usachite mantha. Ndine wokalamba koma sindine wogontha. Masiku ena a Lamlungu masana foni yako ikalira umathamangira kuseri kwa khola la nkhuku, n'kubwerako maso ali psuu. Mwezi watha ndinali m'kholamo kutola mazira, ndipo ndinakumva ukuseka n'kunena kuti, "Inunso achimwene." Uli ndi mchimwene mmodzi yekha. Ndinakhala pansi pomwepo, pa manyowa, mpaka utamaliza. Zaka zonsezi sindinkadziwa ngati ali moyo.

Sindikupempha nambala. Ngati anakulumbiritsa, usunge lumbiro lako, ndipo sindikukuimba mlandu. Kwa mayi ako sindinanene kanthu, poopa kuwapatsa chiyembekezo chimene sindingathe kuchikwaniritsa. Koma ukakafika, ukakhazikika, Kondwani akadzaimba foni, umuuze zimene ndalemba muno. Umuuze kuti mawu ndinayankhula mu tenti aja ndawabweza. Palibe adzamufunse pepala. Abwere ndi zovala zimene wavala. Ngati ali ndi mkazi ndi ana abwere nawo, ngati ali yekha abwere yekha, ngati ya tikiti palibe ndigulitsa theka la poloti ino osaganiza kawiri. Ngati ine sakufuna kundiona, ndimvetsa. Abwere kwa mayi ake, ine ndidzakhala kumunda mpaka atandiitana yekha.

Koma umuuzenso chimene ndikudziwa kuti wakhala ukumubisira. Iwe ndi amene umawagwira dzanja mayi ako podutsa msewu, ndipo unalipo pamene kuchipatala ananena za maso awo. Lakumanzere linatha kale. Lakumanja likadaona nkhope ya munthu akayandikira, koma anati silikhalitsa. Umuuze asadikire kuti zinthu zimuyendere kaye.

Uyende bwino, mwana wanga. Mulungu akusunge m'mwambamo ndi pansi pomwe. Ukalephera, ubwere.

Ndine adadi ako, wokalipakalipa yemwe uja.